Mbiri ya Dzimbiri ndi Madzi a ku Mzimba

Amayi a m'midzi ina ya kumwera kwa Mzimba amaudziwa mjigo umene madzi ake sachapira malaya oyera. Potuluka pampopi madziwo amaoneka oyera mbee, koma akagona m'ndowa usiku umodzi, m'mawa mwake mupeza afiirira, pansi pa ndowa patadikha timatope. Tiyi wophikira madzi otere amada bii, ndipo nsima yake siikoma m'maso. Chimene chimachita zimenezi ndi chitsulo chosungunuka m'madzi a pansi pa nthaka, chimene chimasanduka dzimbiri chikangokumana ndi mpweya. Anthu amadana nalo dzimbirili, ndipo sitingawadzudzule. Komatu masiku ano akatswiri a m'maiko ambiri akuliyesa dzimbiri lomweli ngati msampha wokolera chinthu china chimene agogo athu sanachidziwe m'madzi, ndicho zotsalira za mankhwala a kuchipatala. Kuti timvetse m'mene zinthu zafikira pamenepa, tiyambire kumbuyo ndithu.

Dothi la katondo limene timalima n'lofiira chifukwa cha chitsulo chomwecho, ndipo makolo athu ankadziwa kuchitulutsa. Angoni a Zwangendaba asanaoloke Zambezi m'chaka cha 1835, Atumbuka, Aphoka ndi Achewa anali atayamba kalekale kuyenga chitsulo. Zotsalira za ng'anjo zawo zikuonekabe m'nkhalango ya zinyama ya Kasungu ndi m'mapiri a ku Nyika. Ng'anjo zikuluzikulu zinali zoumba ndi dothi, zazitali kuposa munthu, ndipo sizinkafuna mvukuto: mphepo inkalowa yokha m'timipope ta dothi tokhala m'munsi, n'kukwera ndi moto mpaka pamwamba. M'katimo ankathiramo makala ndi miyala ya lubwe, miyala yofiirira ija imene imatha khasu pokumba maziko a nyumba. Chotuluka m'menemo ankachiotchanso m'kang'anjo kakang'ono ka mvukuto, kenaka wosula n'kuchisandutsa khasu, nkhwangwa kapena mkondo. Khasu linali chuma. Linkalowola mkazi, linkalipira mlandu, ndipo akuluakulu amati ngakhale dzina la ufumu wa Chikulamayembe ku Nkhamanga linachokera ku makasu. Angoni a M'mbelwa atakhazikika m'dziko lino, anali eni ng'ombe ndi eni nkhondo, koma zitsulo zawo zambiri zinkachokera m'manja mwa amisiri a mitundu imene anaigonjetsa.

Luso limeneli linazirala cha m'ma 1930, makasu a m'sitolo atachuluka ndi kutsika mtengo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ofufuza awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anapempha nkhalamba za kwa Chulu, kumpoto kwa Kasungu, ndi za ku Phoka kuti ziyatsenso ng'anjo monga zinkaonera kwa atate awo zili ana, ndipo analemba zimene anaona m'chaka cha 1987. Chimene chinawachititsa chidwi ndi kuchuluka kwa mankhwala a zitsamba amene amisiri ankakwirira pansi pa ng'anjo, pokhulupirira kuti popanda mankhwalawo chitsulo sichingabadwe. Agogo aja akanamva kuti zidzukulu zawo zidzathira chitsulo m'madzi kuti chigwire mankhwala, akanati dziko latembenuka.

Pambuyo pake chitsulo chinabwerera m'midzi ngati mipope ya mijigo. Mipope yachitsulo yoikidwa m'zitsime zakuya inkadyeka ndi madzi, n'kuwonjezera dzimbiri pa limene linalimo kale, mpaka mijigo ina anthu ankaisiya n'kubwerera kudambo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mjigo wa Afridev, umene unachokera ku mjigo wa Maldev wopangidwa muno m'Malaŵi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, uli ndi mipope ya pulasitiki. Tinatha zaka zambiri tikupirikitsa chitsulo m'madzi akumwa.

Tsono tione mbali ya mankhwala. Pamene Donald Fraser anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Embangweni m'chaka cha 1902, mkazi wake Agnes, amene anali dokotala, analibe mankhwala aliwonse otha kupha tizirombo ta chibayo kapena ta malungo ogwira mayi atangochira. Panalibe dokotala pa dziko lonse amene anali nawo. Chilonda chikalowa m'magazi, chotsala chinali kusamalira wodwala ndi kudikira. Alexander Fleming anatulukira penisilini ku London m'chaka cha 1928, koma panapita zaka zoposa 10 kuti Howard Florey ndi Ernst Chain a ku Oxford amusandutse mankhwala opatsa munthu. M'chaka cha 1938, chaka chimene mishoni ya Katete inatsegulidwa ku Champhira, ku England kunatuluka mapiritsi a M&B 693 ochiza chibayo. Streptomycin anapezeka mu 1943, ndipo anali mankhwala oyamba kulimbana ndi chifuwa chachikulu, nthenda imene amuna ambiri a ku Mzimba ankabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Nkhondo yachiwiri itatha, mankhwala amenewa anayamba kufika pang'onopang'ono m'zipatala za boma ndi za mishoni. Amene anaona mwana wobanika ndi chibayo akudzuka n'kupempha phala patangopita masiku awiri chibayireni jekeseni sanaiwale. Kuyambira pamenepo munthu wopita kuchipatala n'kubwerako osabayidwa ankaona ngati am'mana.

Fleming mwini wake, polandira mphotho ya Nobel mu 1945, anachenjeza kuti idzafika nthawi imene munthu aliyense adzagula penisilini m'sitolo, ndipo womwa mopereweza adzaphunzitsa tizirombo kupirira mankhwalawo. Nthawiyo inafika. Makapisozi amapezeka m'magolosale ndi pamsika, ogulitsidwa awiriawiri monga mwa ndalama za wogula. Nkhuku zikagwa chitopa timazisungunulira makapisozi m'madzi, chonsecho chitopa chimayamba ndi kachirombo ka mtundu wina kamene mankhwalawa sakakhudza n'komwe. Ng'ombe, zimene kuno ndi ulemu wa banja, zimabayidwa oxytetracycline zikadwala matenda a nkhupakupa, kawirikawiri mongoyerekeza muyeso. Palinso mankhwala ena amene amamwedwa moyenera ndithu koma mochuluka zedi. Kafukufuku wa ku Lusaka wa 2004 anasonyeza kuti Bactrim womwa tsiku ndi tsiku anachepetsa imfa za ana okhala ndi kachirombo ka HIV ndi 43 pa 100 alionse, ndipo Malaŵi anayamba kupereka mankhwalawa kwa anthu ambirimbiri okhala ndi kachiromboka. Ine sindingadandaule nazo zimenezo. Ana ambiri amene lero ali ndi mabanja awo ali moyo chifukwa cha piritsi limenelo.

Koma madzi saiwala khwawa. Mankhwala amene munthu kapena ng'ombe yamwa sathera m'thupi onse ayi. Gawo lalikulu, pa mankhwala ena kupitirira theka, limatuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi likadali ndi mphamvu yake. Kuchokera m'chimbudzi chokumba limatsikira pansi ndi madzi a mvula. Kuchokera m'khola limakokoloka kupita kudambo, kumene kuli madimba ndi zitsime, kenaka mumtsinje wa Mzimba, mu South Rukuru, mpaka kunyanja. Kumwera kwa Mzimba kuli zitsime zosazama zambirimbiri zotetezedwa ndi simenti, zimene ntchito yake inayambira ku Embangweni mu 1990 ndi thandizo la bungwe la Marion Medical Mission. Zitsime zimenezi zapulumutsa ana osawerengeka ku matenda otsegula m'mimba. Chivundikiro cha simenti chimatchinga zogwera pamwamba. Chosungunuka choyenda pansi pa nthaka chimatchingidwa ndi mtunda wokha umene ulipo pakati pa chitsime ndi chimbudzi kapena khola.

Kumene anthu apima madzi, mankhwalawa apezeka. Ku Chunga mu mzinda wa Lusaka, lipoti la 2020 linawapeza m'madzi a mumtsinje ndi m'zitsime zina. M'mitsinje ya mu Blantyre ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anawapezanso, ndipo pakati pa opezekawo panali sulfamethoxazole, amene ndi gawo lalikulu la Bactrim. Mu 2022 a ku yunivesite ya York anafalitsa zotsatira za madzi a mitsinje 258 ya m'maiko 104, ndipo malo oipitsidwa koposa ambiri anali m'maiko osauka a mu Africa, Asia ndi South America, kumene zonyansa zimalowa mumtsinje zisanayeretsedwe.

Muyeso wake ndi wochepa kwambiri, kotero kuti womwa madziwo samva kanthu ndipo sadwala nawo lero. Tayerekezani piritsi limodzi la ciprofloxacin la mamiligalamu 500 litasungunuka m'migolo 2,500 ya malita 200. Munthu angaseke. Koma mu 2011 akatswiri a ku Uppsala ku Sweden anasonyeza kuti muyeso wochepera pamenepo ndi wokwanira kuti tizirombo topirira mankhwalawo tizichulukana msanga kuposa tinzake. Mankhwala ochepa sapha tizirombo tonse. Amangofooketsa tofooka n'kusiyira malo tolimba, monga mlimi wopalira amene akuzula chimanga n'kusiya kaufiti. Tizirombo timeneti timapatsirananso luso la kupiriralo, ngakhale tili ta mitundu yosiyana, ndipo madzi oipa ndiwo bwalo limene timakumanirapo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akupima magazi a odwala kuyambira 1998. Pakati pa 2003 ndi 2016, tizirombo ta Klebsiella tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jekeseni imene zipatala zathu zimadalira munthu akadwalitsa, tinakwera kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 tilitonse. Odwala tayifodi opezeka pa chipatalacho anali ngati 14 pa chaka mpaka 2010, koma mu 2014 anafika 782, chifukwa cha mtundu wa kachirombo kosamva mankhwala atatu akale. Pa dziko lonse, akuti anthu 1.27 miliyoni anafa mu 2019 chifukwa cha tizirombo tosamva mankhwala. Sikuti zonsezi zachokera m'madzi a mumtsinje ayi. Gwero lalikulu ndi kamwedwe kathu ka mankhwala ndi kusowa kwa ukhondo. Madzi ndi njira imodzi mwa zingapo, koma ndi njira imene imadutsa pakhomo pa aliyense, womwa mankhwala ndi wosamwa yemwe.

Nanga chitsulo chikubweramo bwanji? Amayi amene analandirapo mapiritsi owonjezera magazi mwina akukumbuka anamwino akuwalangiza kuti asamwere pamodzi mapiritsiwo ndi doxycycline kapena ciprofloxacin, koma apatule maola angapo. Mapiritsi owonjezera magazi ndi chitsulo. Mu 1970 dokotala wa ku Finland, Pertti Neuvonen, ndi anzake anasonyeza kuti munthu akamwa tetracycline limodzi ndi chitsulo, mankhwala ochepa okha ndiwo amafika m'magazi. Mankhwalawo amakakamira chitsulocho m'mimba, ndipo ziwirizo zimatuluka zitagwirana. Liwu limene akatswiri amatchulira kugwirana kotere analitenga ku Chigriki, ndipo limatanthauza dzanja lopanira la nkhanu. M'mimba mwa wodwala kupana kumeneku n'kutaya mankhwala. M'madzi onyansa ndi chimene tikufuna.

Nzeru yoyeretsa madzi ndi chitsulo si ya dzulo. M'zaka za m'ma 1870 Gustav Bischof anapanga sefa ya chitsulo chonga chinkhupule, ndipo mzinda wa Antwerp ku Belgium unayamba kusefera madzi ake a mumtsinje m'chitsulo chotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880. Madzi ankayera bwino, koma posakhalitsa sefayo inagwirana n'kutsekeka ndi dzimbiri, mpaka William Anderson anakonza migolo yozungulira yoti tizitsulo tizigubuduka m'madzi osamatana. Njirayi inaiwalika mchenga ndi klorini zitafala. Inadzukanso cha m'ma 1990, pamene Robert Gillham wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada anaona kuti tizidutswa ta chitsulo timaphwanya mankhwala ena a m'mafakitale olowa m'madzi a pansi. Ku Bangladesh, kumene mijigo mamiliyoni inapezeka ndi poizoni wa arsenic wochokera m'nthaka, Abul Hussam anapanga sefa ya ndowa ziwiri zosanjikiza, ya mchenga, makala ndi chitsulo, imene inam'patsa mphotho ya madola 1 miliyoni mu 2007. Ku Nepal anachita zapafupi koposa: anaika misomali ya makilogalamu 5 pamwamba pa sefa ya mchenga, kuti dzimbiri la misomaliyo lizikola poizoniyo. Mabanja zikwizikwi amwa madzi a m'masefa amenewa.

Zimene zikuyesedwa lero pa mankhwala a kuchipatala zatsata mapazi omwewo. Chinsinsi chagona pa kusalala kwa ufa wa dzimbiri. Galamu imodzi ya dzimbiri latsopano losalala kwambiri, mukanati muyale nkhope za timbewu take tonse, ikanakuta malo oposa mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndipo paliponse pa malowo mankhwala angathe kumatapo. Ena amatenga zitsononkho, makoko a mtedza kapena mankhusu a mpunga, n'kuziviika m'madzi a chitsulo, n'kuziotcha mopanda mpweya monga tiotchera makala. Makala otere amamwa mankhwala m'timabowo tawo, chitsulo n'kumapana ena, ndipo akapsa bwino amakokedwa ndi maginito, kotero kuti ntchito ikatha amawavuula m'madzi mosavuta. Ena amathirako mankhwala otchedwa hydrogen peroxide, potsata zimene Henry Fenton anaona ku Cambridge mu 1894, kuti chitsulo chisangogwira chabe koma chiphwanyiretu chogwidwacho. Ngakhale miyala ya lubwe, imene agogo ankaponya m'ng'anjo, yayesedwa m'maiko a ku Asia ngati sefa. Zitsononkho, makala, lubwe, misomali: palibe chimodzi mwa izi chimene munthu wa kwa Mabulabo kapena kwa Mzikubola angachisowe.

Apa m'pamene ndikufuna tiyende mosamala, pakuti nkhani yokoma imathamangitsa. Chitsulo sichigwira mankhwala onse mofanana. Tetracycline ndi ciprofloxacin chimawapana zolimba. Koma sulfamethoxazole, uja wa mu Bactrim, amene amamwedwa tsiku lililonse m'midzi yathu ndiponso amayenda msanga m'nthaka, dzimbiri limam'gwira mofooka kwambiri, ndipo ambiri amadutsa. Ndiye kuti mankhwala amene tili nawo ambiri ndi omwewo amene msamphawu umawaphonya, pokhapokha pakhale makala abwino kapena njira ija yophwanya. Chinanso, zoyesa zambiri zachitikira m'mabotolo, m'madzi oyera othiridwa mankhwala ochuluka kuposa a mumtsinje kambirimbiri. Madzi a m'dambo la mu Januwale ali ndi matope, ndowe, sopo ndi feteleza, ndipo zonsezi zimalimbirana malo pa dzimbiri lomwelo. Fosifeti wa mu feteleza amamatapo mwamphamvu kuposa mankhwala ambiri. Vuto la ku Antwerp lija nalonso silinathe. Dzimbiri limatenga malo oposa kawiri chitsulo chimene lachokerako, ndipo sefa ikapanda kusakanizidwa bwino ndi mchenga imatsekeka.

Choncho wina asamve nkhaniyi n'kukaponya misomali mumtsuko. Safunsa anadya phula. Mdani woyamba m'madzi a banja akadali tizirombo ta m'chimbudzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chimene chimateteza ku ameneyo ndi klorini, kuwiritsa madzi ndi chimbudzi chabwino chotalikirana ndi chitsime. Kuwiritsa ndi klorini sizichotsa zotsalira zonse za mankhwala, n'zoona, ndipo ngakhale malo oyeretsera madzi a m'mizinda, a kuno ndi a ku Ulaya omwe, sanamangidwe ndi cholinga chimenecho. Koma kusiya klorini chifukwa cha sefa ya chitsulo kungakhale kuthawa mvula n'kugwera mumtsinje.

M'kuona kwanga, malo oyenera sefa yotere si pamtsuko kapena pamtsinje, koma pamene mankhwala akadali pamodzi asanamwazike: potulukira madzi onyansa a m'chipatala, kumene odwala ambiri olandira mankhwala amphamvu amagwiritsa ntchito zimbudzi zomwezo, ndi m'munsi mwa makola akuluakulu a nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe. Pamenepo madzi ndi ochepa, mankhwala ndi ambiri, ndipo pali munthu wolembedwa ntchito amene angayang'anire. Mbiri ya madzi m'boma lino ikutiphunzitsa kuti mfundo yotsirizayi ndiyo yolemera. Mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri, imene inayambira kwa Chingale ku Zomba mu 1968 n'kufika ku Champhira, anthu anaikumbira ngalande ndi makasu awo mosalipidwa, ndipo inali yotchuka mu Africa monse. Pamene mipopi ina inadzauma pambuyo pake, sichinali chifukwa chakuti nzeru yake inali yolakwika, koma kuti panasowa ndalama ndi anthu okonza zowonongeka. Sefa ya chitsulo ndi yovutirapo, pakuti mpopi ukafa aliyense amaona, koma sefa ikakhuta madzi amatulukabe oyera monga kale, ndipo ndi makina a mtengo wapatali okha amene angaulule kuti yaleka kugwira.

Ndipo ikakhuta sitingaitaye kudzala. Dzimbiri logwira mankhwala likakwiririka m'matope mopanda mpweya limasungunukanso, monga lija la m'madzi a mjigo lisanatuluke, ndipo zimene linagwira zimamasuka n'kubwerera m'madzi. Njira yodalirika ndi moto waukulu. Mankhwalawo amapsa n'kutheratu pa kutentha kwa madigiri 800 kapena kuposerapo, chitsulo n'kutsala. Moto wa pa mafuwa kapena wa m'dzenje la zinyalala sungadaliridwe pa ntchito imeneyi; pafunika ng'anjo yomangidwa bwino, monga zija zootchera zinyalala za m'chipatala, ndiponso mafuta oyendetsera ng'anjoyo mwezi ndi mwezi.